Khola Liyambe, Mbuzi Pambuyo: Mau kwa Alimi a Fodya ndi Chimanga ku Kasungu

Ndalama za fodya zimabwera kamodzi pa chaka. Mlimi wa ku Chamama, kwa Santhe kapena kwa Chulu akagulitsa mabelo ache ku msika wa Chinkhoma kapena ku Kanengo, m'thumba mumalemera kwa masabata owerengeka. Koma pofika mwezi wa Januwale, pamene chimanga chachepa m'nkhokwe ndipo ana afuna za kusukulu, ndalama zija sizionekanso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Njira imodzi yosungira phindu la fodya kuti lisapite ndi mphepo ndiyo kugula mbuzi. Komatu mbuzi yogulidwa mosaganizira bwino imafa msanga, ndipo ndalama zimafera nayo limodzi. Chifukwa chache tifuna kulongosola pano zimene mlimi ayenera kuchita asanagule, pogula, ndiponso atagula.

Yambani ndi khola

Alimi ambiri amayamba kugula mbuzi, za khola naziganiza pambuyo. Kumeneko nkulakwa. Mbuzi sikondana ndi chinyezi. Ikagona m'matope a ndowe ndi mikodzo nthawi ya dzinja imadwala chibayo, ziboda zimaola, ndipo nyongolotsi za m'mimba zimaichulukira.

Mangani khola la m'mwamba, pamalo okwera pafupi ndi nyumba. Pogona mbuzi patalikire mita 1 kuchokera pansi. Poyala mitengo siyani mipata yolowa chala chimodzi, kuti ndowe zizigwa pansi koma miyendo ya tiana isakodwe. Mbuzi yaikulu iliyonse ikhale ndi malo osachepera mita 1 m'litali ndi mita 1 m'lifupi. Denga lisadonthe, ndipo chitseko chikhale cholimba chifukwa cha afisi ndi akuba. Popeza mitengo yachilengedwe yatha m'madera ambiri ndi nchito ya fodya, gwiritsani nchito bulugamu kapena nsungwi zobzala nokha.

Ndowe zogwa kunsi kwa khola nchuma chinanso. Zikokereni m'dzenje, zisakanizeni ndi mapesi ndi udzu, ndipo zikaola bwino mukathire m'munda wa chimanga. Nthaka ya mchenga ya m'chigwa cha Kasungu imaguga msanga, ndipo manyowa otere amaithandiza kusunga chinyezi.

Kusankha mbuzi

Nkwabwino kugula kwa mlimi amene mumdziwa, kumene mungathe kuona khola lache ndi make wa mbuzi imene mufuna. Pa msika pamabweranso mbuzi zimene eni ache afuna kuzichotsa chifukwa cha ukalamba kapena matenda, ndipo zina nzakuba. Mukagula kutali, pakhale mboni ndi kalata ya a mfumu, ndipo mutenge chilolezo choyendetsera ziweto kwa Mlangizi wa Ziweto.

Woyamba kumene agule misoti 2 kapena 3. Tonde mmodzi akwanira mbuzi zazikazi 25, kotero alimi oyandikana angathe kusonkherana nagula mmodzi wabwino. Mbuzi za makolo athu nzazing'ono, koma zimapirira matenda ndi chilimwe. Mbuzi za mtundu wa Boer, zochokera ku South Africa, zimakula msanga ndi kulemera, komanso zifuna chakudya chambiri ndi mankhwala. Amene alibe zimenezi asathamangire kukula kwa thupi.

Mbuzi yabwino ili ndi maso owala, ubweya wosalala, msana woongoka ndi miyendo yolimba. Ikanani imene ikutsokomola, yotuluka mamina, ya zilonda pakamwa, ya mphere, kapena yodetsedwa kumbuyo ndi kutsegula m'mimba. Tsitsani chikope cha m'munsi ndi chala: chikakhala chofiira, magazi ali bwino, chikakhala chotuwa, nyongolotsi zaimwa magazi. Yaikazi ikhale ndi bele lofewa, lopanda zotupa, la mawere 2 ofanana.

Musakhulupirire pakamwa pa wogulitsa. Yang'anani m'kamwa mwa mbuzi. Mbuzi ilibe mano akutsogolo kumwamba, koma kunsi ili nao 8. Onse akakhala ang'onoang'ono, sinakwane chaka. Aakulu akakhala 2, yapitirira chaka pang'ono. Akakhala 4, ili ndi zaka ngati 2. Akakhala 6, zaka 3. Akakhala 8, zaka 4 kapena kuposapo. Ya mano operepeseka kapena oguluka njokalamba. Gulani ya mano aakulu 2, pakuti zaka zache zonse zoswa zikali patsogolo.

Mukafika nayo kwanu, musaisakanize ndi zinzache. Ikhale payokha masabata 3, muimwetse mankhwala a nyongolotsi ndi kuichotsa nkhupakupa.

Chakudya ndi madzi

Walira mvula walira matope: wofuna mbuzi wafunanso nchito yozidyetsa. M'dzinja, pamene mbeu zili m'munda, anthu amamangirira mbuzi pachingwe. Chingwe chikhale chachitali, ndipo muzisuntha chikhomo kawiri pa tsiku. Kumangirira malo amodzimodzi masiku onse nkudyetsa mbuzi nyongolotsi, pakuti mazira ache amatuluka ndi ndowe, naswa pa udzu womwewo. Musatulutse mbuzi mame asanakamuke, ndipo pewani madambo a lowe.

Nyengo yobvuta kwenikweni ndiyo kuyambira Seputembala kufikira mvula yoyamba, pamene tchire lapsa. Konzekerani pokolola. Masangwi a mtedza, makoko a soya ndi a nyemba, ndiponso mapesi, musazitenthe. Ziumitseni ndi kuzisunga pathandala la denga, kapena m'chigafa fodya akatha. Gaga wa chimanga asungidwe pouma. Mbuzi ya bere kapena yoyamwitsa ipatsidwe gaga wodzaza manja awiri tsiku ndi tsiku, wothira mchere pang'ono. Nyemba za msangu ndi masamba a nandolo nzabwino kwambiri. Masamba a lukina nawonso ngabwino, koma asapitirire gawo limodzi la magawo atatu a chakudya chonse. Madzi oyera apatsidwe tsiku lililonse.

Mbuzi ndi nazale

Pano alimi a fodya achenjere. Nazale zimafesedwa m'chilimwe, nthawi yomweyo imene mbuzi ziyenda zokha kufuna chobiriwira. Mbuzi zochepa zingathe kupondaponda mabedi a mnzanu m'mawa umodzi, ndipo mlandu wache kwa a mfumu ungadye mbuzi imene. Tchingani nazale ndi dimba ndi mpanda wolimba, ndipo mbuzi zikhale ndi mbusa. Feteleza wa Urea, mankhwala ophera tizilombo ta fodya, ndi zitini zache zomwe, zikhale kumene mbuzi sizifika, pakuti zimapha. Tolaninso majumbo apulasitiki pabwalo. Mbuzi ikawameza amatsakamira m'mimba, iyo ningoonda kufikira kufa.

Kuswana ndi matenda

Msoti usakweredwe usanakwane miyezi 10 kufikira 12. Yaikazi imafuna tonde pa masiku 21 alionse ngati sinatenge bere, ndipo bere limakhala miyezi 5. Kamwana kayamwe mkaka woyamba wachikasu uja tsiku lomwelo kabadwa, chifukwa ndiwo ukateteza ku matenda. Tiana tisatsate amao kutchire m'masabata oyamba, ndipo tileke kuyamwa pa miyezi 3 kapena 4. Tatimuna tosafunika kubereketsa tithenedwe tikali tating'ono. Tonde asinthidwe asanayambe kukwera ana ache omwe, pakuti kukwerana pachibale kumabala mbuzi zofooka. Kusinthana atonde ndi mudzi wina sikulira ndalama.

Mwetsani mankhwala a nyongolotsi mvula ikayamba ndi pamene ikutha, ndiponso mukaona chikope chatuwa kapena kunsi kwa chibwano kwatupa. Mbuzi yodwala ipatulidwe, ndipo Mlangizi aitanidwe tsiku lomwelo. Yofa yokha isadyedwe kapena kugulitsidwa.

Nthawi yogulitsa

Pa njala ya chaka cha 2002, imene inasautsa kwambiri anthu a ku Kasungu, mabanja ambiri anagulitsa mbuzi zao pa mtengo wotaya, chifukwa onse anali kugulitsa nthawi imodzi pamene chimanga chinali chitakwera mtengo koposa. Phunziro lache nlakuti mlimi aziwerenga nkhokwe yache atangokolola. Mukaona kuti chimanga sichidzafika, gulitsani mitheno ndi mbuzi zokalamba m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene zili zonenepa ndipo anthu ali ndi ndalama, nimugule chimanga chikali chotsika mtengo. Nyengo ya Khirisimasi nayonso mbuzi zimafunidwa kwambiri. Zazikazi zoswa bwino zisungidwe monga musungira mbeu.

Tsono chaka chino, ndalama za fodya zisanafike, dulani mitengo ya khola ndipo sungani masangwi. Pitani kwa Mlangizi wa m'dera lanu kuti akuonetseni mamangidwe ache, ndipo pokagula mbuzi mutengane ndi mnzanu wodziwa kuwerenga mano.