Kuizindikira Injini ya Njinga Yamoto ndi Kuiwonjezera Mphamvu

M'misewu yokwera ya ku Soche, Chilobwe, Manje ndi Chimwankhunda, dandaulo la eni njinga zamoto ndi limodzi: njinga ikanyamula anthu awiri imalira kwambiri pachitunda koma osayenda. Ena amathamangira kukagula pisitoni yaikulu, ena amaboola ekizozi poyesa kuti phokoso ndiyo mphamvu. Pakangotha miyezi yowerengeka injini imayamba kufuka utsi. Kwa mnyamata wa kabaza, njinga ikagona kwa makaniko ndiye kuti pakhomo pagona njala.

Ntchito yoyamba ndiyo kudziwa mtundu wa injini. Dzina lolembedwa pa thanki silinena zambiri, pakuti mafakitale ambiri a ku China amapanga injini zofanana nazipatsa maina osiyana. Zambiri zinatengera mapangidwe a Honda, makamaka Super Cub ya 1958 ndi CG125 ya 1975. Chizindikiro chenicheni chinadindidwa pa chitsulo cha injini, kumanzere cham'munsi. Mwini njinga akapukuta matope adzaona nambala yonga 152FMH kapena 139QMB.

Nambala imeneyi imawerengedwa motere. 1 woyambayo akutanthauza kuti silinda ndi imodzi. Manambala awiri otsatira ndiwo kukula kwa chibowo cha silinda m'mamilimita. F ndi injini yozizira ndi mphepo ya paulendo, pamene Q ndi yozizira ndi fani, monga ya njinga zazing'ono zamtundu wa scooter. M akunena kuti ndi injini ya njinga yamoto. Chilembo chotsiriza ndicho msinkhu wake: B ndi 50cc, G ndi 100cc, H ndi 110cc, I ndi 125cc, ndipo J ndi 150cc.

Wosadziwa zimenezi amatayitsa ndalama. Mwachitsanzo, 152FMH ndi 152QMI zili ndi pisitoni yofanana kukula, koma pini yoimangirira ndi ya mamilimita 13 pa yoyambayo ndi 15 pa inayo. Wogula poyang'ana ndi maso amabwera ndi chitsulo chosalowa. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Nkwanzeru kulemba nambala yonse papepala asanapite kusitolo.

Chachiwiri ndicho kumvetsa kumene mphamvu yapita. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'mphepete mwa phiri la Soche ndi pamwamba koposa apo. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 100 alionse. Motero njinga yomwe imathamanga bwino ku Nchalo imafika ku Soche itataya kale gawo limodzi mwa khumi. Ndiponso kabyuleta yochunidwa kumalo otsika imapereka petulo wochuluka kuposa mpweya ikafika kumtunda.

Pulagi ndiyo mboni ya zimenezi. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo wachuluka, ndipo makaniko wodziwa ntchito amatsuka sefa ya mpweya, kenaka ngati sizinasinthe amaika jeti yocheperako pang'ono. Ikakhala yoyera mbuu, petulo wachepa ndipo injini ikutentha moopsa. Yabwino imaoneka ngati tiyi wothira mkaka. Amene amatsika kawirikawiri ku Chikwawa asachepetse jeti kwambiri, pakuti kuchigwa mpweya ndi wochuluka ndipo injini ingapse.

Mphamvu yambiri imabwerera popanda kugula chitsulo chachikulu. Fumbi la m'chilimwe limatseka sefa msanga. Mavavu akathina injini imavuta kulira m'mawa ndipo imafooka ikatentha. Mpata wake pa injini zambiri zoterezi uli pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.10, ndipo umayezedwa injini ili yozizira. Oyilo wakuda, tcheni youma ndi matayala ofewa, zonsezi zimadya mphamvu mwakachetechete.

Zimenezi zikakonzedwa, chotsatira ndicho kuiyeneretsa njinga ku mapiri. Kuika sipuloketi ya kumbuyo ya mano awiri kapena atatu oonjezera kumapatsa njinga mphamvu yokwera, ngakhale liwiro la pamalo athyathyathya limachepako. Scooter ilibe tcheni, imayenda ndi lamba, ndipo pa iyo ntchito yomweyo imachitika poika timalola topepukirapo m'gudumu loyendetsa lambayo. Ku Soche kukwera nkofunika kuposa liwiro.

Kukulitsa silinda kukhale kotsiriza. Injini ya 139QMB ikachotsedwa silinda ya mamilimita 39 nkuikidwa ya 47, imachoka pa 50cc kufika pafupifupi 72cc. Mphamvu imachuluka ndithu, koma kutentha nakonso kumachuluka, petulo amatha msanga, ndipo zitsulo za m'kati zomwe zinapangidwira pisitoni yaing'ono zimaperepeseka msanga. Jeti iyenera kukulitsidwa, ndipo njinga iyendetsedwe mofatsa masiku oyamba kufikira malingi atakhazikika. Wofuna kusintha injini yonse akumbukire kuti nambala ya injini imalembedwa m'zikalata za kalembera wa njinga, choncho ayambe wafunsa ku ofesi yoona za pamsewu.

Chitunda chilichonse chokwera chili ndi chotsika chake. Woonjezera mphamvu ya injini ayang'anenso mabuleki ndi matayala tsiku lomwelo, pakuti njinga yomwe yakwera Soche mwamphamvu iyeneranso kuima pamene mwana wasukulu wadutsa pamsewu, ndipo wokwera kumbuyoyo wapereka moyo wake m'manja mwa woyendetsa.