Madzi a Laimu a mu Lusaka ndi Zimene Amachita M'nyumba

Madzi ambiri otuluka m'mipopi ya mu mzinda wa Lusaka amakhala ndi laimu wochuluka. Poyang'ana ndi oyera mbee ndipo sanunkha, koma ketulo ikawawiritsa kwa masabata angapo, pansi pake pamamata zinthu zotuwa zolimba ngati nkhoko za nsima. Sopo amachedwa kuchita thovu, ndipo matambula akauma amatsala ndi timawanga toyera. Gwero la zonsezi ndi thanthwe limene mzindawu unakhalapo.

Mbali yaikulu ya Lusaka ili pamwamba pa miyala ya laimu ndi ya dolomaiti, yomwe ili ndi kashiamu ndi magineziyamu wambiri. Mwala wa laimu ndi womwe fakitale ya ku Chilanga imapangira simenti. Mvula ikamagwa, madzi ake amatenga mpweya wa kaboni dayokisaidi mumlengalenga ndi m'dothi, n'kukhala ndi kaasidi kochepa. Akalowa pansi amasungunula mwalawo pang'onopang'ono, ndipo pa zaka zikwizikwi asiya ming'alu ndi mphako zimene lero zimasunga madzi ochuluka. Madzi okhala m'mphakozo amanyamula kashiamu ndi magineziyamu wosungunuka, amene maso sangamuone.

Kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation Company imatenga madzi m'malo awiri. Ena amachokera mumtsinje wa Kafue, amayeretsedwa pamalo otchedwa Iolanda, kenako amapopedwa ulendo wa makilomita pafupifupi 50 kukafika mumzinda. Ena amachokera m'mijigo yokumbidwa mumzinda momwemo, ndipo mabanja ndi makampani ambiri anakumbanso yawoyawo. Madzi a mumtsinje amakhala ndi laimu wocheperapo kusiyana ndi apansi, n'chifukwa chake vutoli silifanana m'madera onse.

Akatswiri amayeza laimu wa m'madzi powerengera mamiligalamu a kashiamu kaboneti mu lita imodzi. Malinga ndi muyezo wofala, madzi osapitirira 60 ali ndi laimu wochepa, a pakati pa 61 ndi 120 ali pakatikati, a 121 mpaka 180 ali ndi wambiri, ndipo opitirira 180 ali ndi wochuluka zedi. Madzi a m'mijigo yambiri ya Lusaka ali m'gulu lomalizali, limodzi ndi a ku London, kumene pansi pa nthaka pali choko.

Chimene chimachitika m'ketulo n'chosavuta kumva. Gawo lalikulu la laimu ameneyu limakhala losungunuka madzi akadali ozizira. Akatentha, mpweya wa kaboni dayokisaidi uja umathawa, ndipo kashiamu amabwerera kukhala mwala, n'kumata pamalo otentha kwambiri, omwe ndi chitsulo chotenthetsera madzi. Laimu salola kutentha kudutsa msanga. Choncho chitsulo chokutidwa naye chimachedwa kuwiritsa madzi, chimatentha mopitirira muyezo mkati mwake, ndipo mapeto ake chimapsa nthawi yake isanakwane. M'ketulo mwininyumba amaona yekha n'kuchitapo kanthu. M'giza zinthu zimaipa mwakachetechete, chifukwa palibe amene amasuzumiramo: laimu amaunjikana pansi pa thanki, giza imayamba kulira ikamatentha, ndipo tsiku lina madzi otentha amangosiya kubwera. Tizibowo ta shawa timatsekeka, mpopi umayamba kudontha, simbi ya nthunzi imalavulira tizidutswa toyera pa malaya, ndipo mapaipi a madzi otentha amachepa mkati. Apa m'pamene madziwa amapwetekera thumba la banja, chifukwa zonsezi zimafuna ndalama zokonzetsera.

Pa zochapa, kashiamu amagwirana ndi sopo wamtanda n'kupanga zinyalala zotuwa zosasungunuka, zimene zimamata m'beseni ndi m'nsalu. Thovu limabwera pokhapokha sopo wina atathera pa ntchito yopanda pakeyo. Zovala zoyera zimatuwa, matawulo amauma gwa, ndipo ena amamva khungu kuthina akasamba. Sopo waufa savutika kwambiri, popeza opanga amaikamo mankhwala ogwira kashiamu. Kukhitchini nako, nyemba zimachedwa kupsa chifukwa kashiamu amalimbitsa khungu lake, ndipo zimenezi zikutanthauza makala owonjezera. Tiyi amachita kachifuwu pamwamba.

Ambiri akaona zomata m'ketulo amaganiza kuti m'mimba ndi mu impso mukuchitikanso zomwezo. Mantha amenewa ndi omveka, koma alibe maziko olimba. Bungwe la World Health Organization silinaike malire a zaumoyo pa laimu wa m'madzi akumwa, chifukwa pa milingo imene imapezeka m'mipopi saopseza moyo. Limangonena kuti akapitirira mamiligalamu pafupifupi 200 pa lita amatha kumata m'mapaipi ndi m'ziwiya. Kashiamu ndi magineziyamu ndi michere imene thupi limafuna. Pa matenda a timiyala ta mu impso, chimene madokotala amatsindika ndi kumwa madzi okwanira. Munthu woleka kumwa madzi poopa laimu amadziika pangozi yomwe akuithawayo.

Kuchotsa laimu womata sikufuna zambiri. Viniga kapena madzi a mandimu osakaniza ndi madzi, akatenthetsedwa m'ketulo n'kusiyidwa kwa ola limodzi, amamusungunula, ndipo chotsala n'kutsukuluza bwino. Mutu wa shawa umanyikidwa mu viniga usiku wonse. Kupala ndi mpeni kumangowononga chiwiya. Giza ikachunidwa pa madigiri 60, laimu samata msanga ngati pa 70 kapena 80, koma si bwino kutsitsa kuposa apo chifukwa tizilombo tina timaswana m'madzi ofunda. Soda wochapira amathandiza sopo kugwira ntchito, ndipo madzi a mvula, omwe alibe laimu, amachapa bwino kwambiri. Palinso makina oikidwa pa paipi yolowa m'nyumba, amene amachotsa kashiamu n'kuikamo sodiyamu. Ndi odula, amafuna mchere nthawi zonse, ndipo odwala amene analetsedwa mchere ayenera kusamala nawo. Njira yochepetsera laimu pamalo oyeretsera madzi a mzinda wonse ilipo kuyambira mu 1841, pamene katswiri wa ku Scotland, Thomas Clark, anailembetsa, koma imakweza mtengo wa madzi.

Choopsa chenicheni cha madzi apansi a Lusaka chili kwina. Ming'alu ija ya m'miyala ndi yotakasuka, dothi la pamwamba ndi lochepa, ndipo m'madera ngati Kanyama madzi apansi amakwera kufika pafupi ndi pamtunda nthawi ya dzinja. Zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimadutsa msanga n'kukalowa m'zitsime zosazama popanda kusefedwa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2017 unagwira anthu oposa 5,000 mumzindawu, ndipo wina waukulu kuposa umenewo unabuka mu 2023, mpaka bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa malo ogonekera odwala. N'zomvetsa chisoni kuti laimu, yemwe amaoneka, ndiye amadetsa nkhawa anthu, pamene tizilombo ta kolera sitisintha mtundu wa madzi ngakhale kakomedwe kake.

Makina ochotsa laimu sapha tizilombo. Madzi a m'chitsime kapena mjigo wosayezetsa amafunika kuwiritsidwa mpaka atabwata kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena kuthiridwa klorini pa mlingo wolembedwa pa botolo n'kudikira mphindi 30, kenako n'kusungidwa m'chigubu chotseka. Mjigo wa pakhomo uyenera kuyezetsedwa ku labotale kamodzi pa chaka, makamaka mvula ikayamba, ndipo poyezetsapo pafunsidwe za tizilombo ndi mankhwala otchedwa naitireti, osati za laimu yekha.