Kupanikizika, kulimbirana ndi loko: mawu a m'kati mwa foni

Mafoni ambiri otsika mtengo amene mumawaona m'manja mwa anthu ku Karonga ndi a Android, ndipo Android imayendera kernel ya Linux. Kernel ndiye kapitawo: amagawira mapulogalamu memory ndi nthawi ya purosesa. Kuyambira pa Linux 4.20, ya mu Disembala 2018, muli PSI, imene analemba Johannes Weiner wa ku Facebook, yoyeza nthawi imene mapulogalamu amataya podikira. Android 10 inayamba kudalira muyeso umenewu posankha nthawi yotseka mapulogalamu ena memory ikachepa. Ndiye tizinena bwanji m'Chichewa?

Pa pressure ine ndimasankha kupanikizika, osati kupanikiza. Kachidutswa ka -ik- kamachotsa wochita n'kusiya mkhalidwe, monga thyola ndi thyoka zimasiyanira. PSI nayo siloza wolakwa, imangonena mmene zinthu zathinira. Mizere yake iwiri, some ndi full, ndi "ena aima" ndi "onse aima", basi.

Povuta ndi apa. Purosesa iliyonse imalemba ziwerengero zake, kwinaku kernel imaziwerenga kuti iziphatikize. Taganizani za kalaliki wa pa sikelo ya mpunga wa Kilombero: walemba matumba, makilo sanalembe, wina n'kudzakopera tsambalo. Wakopera zatheka. Azungu amati race, koma mpikisano sakukwanira, poti palibe akufuna mphotho. Kulimbirana ndiye mawu ake. Ka -an- kamasonyeza kuti awiri agwira chinthu chimodzi, ndipo wa ku Karonga sangakadabwe: Chitumbuka chili nako mu kutemwana, Chiswahili cha kutsidya kwa Songwe mu kupendana.

Mankhwala odziwika ndi loko: mmodzi alowe, ena adikire panja. Komatu apa PSI sichita choncho, chifukwa wolembayo ndi wogawa ntchito, ndipo kumuimika ndi kuchedwetsa foni yonse. Imagwiritsa ntchito seqcount, kanambala ka pamwamba pa tsamba. Wolemba amawonjezera 1 poyamba, nambala n'kukhala yosagawika ndi 2, kenaka amawonjezeranso 1 pomaliza. Wowerenga amayang'ana nambala, akopera, ayang'ananso. Ikakhala yosagawika ndi 2 kapena yasintha, amataya zimene wakopera n'kuyambiranso. Wolemba sadikira wowerenga ngakhale pang'ono.

N'chifukwa chake ndimakana kutchula seqcount kuti loko. Wophunzira akamva loko amaona chitseko ndi kiyi, n'kuganiza kuti wowerenga angatsekere wolemba kunja, pamene palibe chatsekedwa. Ine ndimati chizindikiro cha kusintha, ndipo zimene wowerenga amachita ndi kubwereza.

Mawu olakwika amabala code yolakwika, ndipo muyeso wolakwika ungatseketse pulogalamu imene munthu amaifuna. A ku Karonga olankhula Kyangonde, kodi anthu awiri akagwira chinthu chimodzi nthawi imodzi, kwanuko mumati chiyani?