Kanyali ka Injini Kakayaka, Tisakamate ndi Tepi

Pa msewu waukulu wa Lilongwe ndi Mchinji, umene umadutsa kwa Mavwere, pamayenda magalimoto ambiri ogwirapo kale ntchito ku Japan. Ena ndi a mabanja athu. Ndiwo amanyamula mtedza ndi soya kumka nazo kumsika, ndiwonso amathamangira ndi odwala kuchipatala usiku. Koma tikakwera magalimoto amenewa, kawirikawiri timaona kanyali kachikasu kooneka ngati injini kali chiyakire patsogolo pa dalaivala, ndipo ena amakamata ndi tepi kuti kasawasautse.

Chimodzi mwa zifukwa zimene kanyalika kamayakira ndicho kuchepa kwa petulo poyerekeza ndi mpweya. Kuti moto uyake bwino m'injini, pamafunika magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyesa kulemera kwake. Kale kabyuleta ndiyo inkasakaniza ziwirizi. M'magalimoto amakono ntchitoyi imachitidwa ndi kompyuta, imene imauzidwa ndi sensa ya pa paipi yotulutsa utsi ngati muyeso uli bwino. Mpweya ukachuluka, kompyuta imawonjezera petulo. Ikafika pa malire ake koma osakwanabe, imayatsa kanyali ndi kusunga nambala yakuti P0171. Dongosolo la manambala otere linakhala lamulo pa magalimoto a ku America mu 1996, ndipo amakaniko amawerenga nambalayi ndi kamakina kolumikiza kunsi kwa chiwongolero.

Nambalayi imangotchula vuto, siitchula gwero lake. Apa mpamene ambiri atayira ndalama za mbeu yawo, pothamangira kugula sensa yatsopano imene inalibe mlandu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyambe ndi zotsika mtengo.

Choyamba, tiyang'ane mapaipi a labala olowetsa mpweya. Amauma ndi kutentha nang'ambika, ndipo mpweya umalowa mwakuba, kompyuta osauwerengera. Injini ikamalira galimoto itaima, titchere khutu kuti timve kamluzu. Ngati injini imanjenjemera poima koma n'kukhazikika tikaponda moto, kawirikawiri vuto lagona pamenepa.

Chachiwiri, tikumbukire fumbi la m'misewu yathu ya kumudzi m'chilimwe. Sefa ya mpweya ikang'ambika kapena ikakhala mopendekeka, fumbi limakuta sensa yoyesa mpweya wolowa, ndipo imayamba kunena bodza. Iyeretsedwe ndi mankhwala ake okhaokha, osaikhudza ndi nsalu kapena chala.

Chachitatu ndi njira ya petulo. Ngati galimoto imasowa mphamvu pokwera chitunda kapena ikasenza katundu, tikayikire sefa ya petulo, pampu ya m'thanki ndi mainjekita. Mafuta atasowa m'dziko muno mu 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira 2022, ambiri anagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Petulo wa kuno anayamba kusakanizidwa ndi ethanol mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsala za nzimbe. Ethanol amakoka madzi, choncho chigubu chosatseka bwino chimabweretsa madzi ndi zinyalala m'thanki.

Kuchotsa waya wa batire kumazimitsa kanyali kwa kanthawi chabe, koma matenda amatsala. Injini yoperewera petulo imatentha koposa muyeso, ndipo pang'onopang'ono imaotcha mavalavu ndi mapisitoni. Pamenepo kapaipi kotsika mtengo kamasanduka ngongole ya banja lonse. Kanyali kakayamba kuphethira, tiimitse galimoto msanga, pakuti injini ikuphonya moto.

Kwa inu anyamata ndi asungwana amene mukuphunzira umakaniko, tikuti: yesani musanasinthe chitsulo, ndipo muuzeni mwini galimoto zoona, ngakhale phindu lanu lichepe. Kufufuta nambala kuti galimoto yodwala igulitsidwe ngati yabwino ndi chinyengo pamaso pa Mulungu ndi anthu.

Ife makolo tikumbukire mlonda wa m'chaputala 33 cha Ezekieli. Mlonda akaomba lipenga, mlandu umatsala ndi iye amene wamva koma osasamala. Kanyali kaja kagwira ntchito yake. Otsala ndife, amene timakweza ana athu ndi ana a anzathu m'galimotomo.