Mawu a Nkhalamba Ndiwo Umboni wa Malo

Mu 1966 António Rita-Ferreira, wogwira ntchito m'boma la atsamunda, anasindikiza buku lonena za Achewa a ku Macanga. Iye ankafunsa, anthu nkumayankha. Koma bukulo linali m'Chipwitikizi, ndipo ambiri m'midzi sakanatha kuliwerenga.

Kafukufuku wa za malo anadzasintha. Lamulo la malo la 1997 linavomereza umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi posonyeza ufulu wogwiritsa ntchito malo. Malangizo a 2000 anawonjeza kuti polemba malire, eni mudzi afotokoze mbiri yawo ndi kujambula okha mapu a minda, madambo, msipu ndi manda. Midzi yoyandikana nayonso iyenera kuvomereza malirewo.

Nkhaniyi ndi yaikulu ku Tsangano ndi Macanga, kumene mabanja ambiri anathawira ku Malawi nabwerera nkhondo itatha mu 1992. Amene akukumbukira malire akale ndi nkhalamba, makamaka amayi, pakuti pa Chichewa munda umatsata mbumba. Ofufuza akaitana msonkhano, amayiwo asakhale kumbuyo. Dimba losatchulidwa pabwalo silidzaoneka pa mapu.