Luso la Zikopa: Dziwani Chikopa Chanu Musanachidule

Pa holide yapitayi, ena mwa ife amene timakhala ku Kawale ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe tinagwirizana zoyamba kusoka tinthu ta zikopa monga zikwama za ndalama, malamba, zomangira makiyi ndi zikuto za Baibulo. Ena tinalawako lusoli tili ku Pathfinder, pomwe ena tinkangolisirira. Cholinga chinali kupezako kangachepe ka sopo ndi mabuku pobwerera kusukulu.

Chikuto chathu choyamba chinatitengera masiku awiri, koma mwezi usanathe chinayamba kufundula ngati njoka. Mwini wake, amene anali atalipira kale, anatibwezera, ndipo ndalama yake tinabweza ndi manyazi. Titachionetsa kwa bambo wina wosoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi msika wa Kawale, anangochikanda ndi chikhadabo n'kuseka. "Ana anga, mwasoka bwino ndithu, koma mwasoka pulasitiki," anatero. Kuyambira tsikulo tinazindikira kuti mavuto ambiri pa lusoli amayamba munthu asanagwire n'komwe singano. Amayamba pamene sanadziwe kuti wagwira chikopa chamtundu wanji.

Kusiyanitsa chenicheni ndi chabodza

Chikopa chatsopano chofufuta bwino n'chosowa ndiponso chodula kuno kwathu, choncho wongoyamba kumene amadalira kaunjika. Ku msika wa Tsoka, ku Nsungwi ku Area 25, ngakhalenso m'misika ya ku Chinsapo ndi Area 23 mumapezeka majekete ong'ambika, zikwama za amayi zofa zipi, malamba ndi jombo zakale. Jekete imodzi yoti palibe angaivale ingakutulutsireni tizikwama tingapo. Vuto ndi lakuti pamulu womwewo pamakhala zambiri zopangidwa ndi nsalu yomatidwa pulasitiki pamwamba, ndipo zimawala kuposa chikopa chenicheni.

Musanalipire, yang'anani kuseri kwake. Chikopa chenicheni chimakhala ndi timaubweya tosakanikirana, pomwe chabodza chimaonetsa nsalu yoluka kapena thonje lomata. Chinunkhizeni: chabodza chimamveka fungo la pulasitiki. Yang'anitsitsaninso timabowo ta pamwamba. Khungu la nyama silikhala lofanana paliponse, ndiye mukaona kuti timabowoto tikubwerezabwereza mwadongosolo ngati maluwa a pachitenje, dziwani kuti ndi makina anadinda. Mukafika nacho kunyumba, dulani kachidutswa n'kukayandikiza ku moto muli panja. Pulasitiki imasungunuka n'kumata, pomwe chikopa chimapserera n'kununkha ngati tsitsi lopsa.

Zikopa zenizeni zili mitundu iwiri

Khungu la nyama limasanduka chikopa likafufutidwa, ndiye kuti likathiridwa mankhwala oletsa kuwola ndi kuuma gwa. Njira yakale ndi yogwiritsa ntchito makungwa a mitengo, monga mtengo wa wattle umene umalimidwa kwambiri ku South Africa. Njirayi imatenga masabata angapo, mwinanso miyezi. Njira ina ndi ya mankhwala a chromium, imene inafala Augustus Schultz atailembetsa ku America mu 1884. Iyi imatha m'masiku owerengeka, n'chifukwa chake zikopa zambiri padziko lapansi lero ndi za mtundu umenewu.

Kusiyanako kumaoneka mukadula. Cha chromium chimakhala chofewa, ndipo nthawi zambiri pakati pake pamaoneka motuwa mobiriwirako. Majekete ndi zikwama zambiri za pakaunjika ndi zimenezi. Cha makungwa chimakhala cholimba, chofiirira mpaka m'kati, ndipo chimamwa madzi msanga.

Mukadziwa zimenezi simungataye nthawi. Ngati mukufuna kudinda dzina kapena maluwa, funani cha makungwa, chinyowetseni pang'ono ndi siponji, dikirani mpaka mtundu wake utayamba kubwerera, kenako dindani. Cha chromium, ngakhale muchimenye bwanji, chidindo chimafufutika. Komanso cha makungwa sichigwirizana ndi chitsulo. Mukasiya msomali kapena lumo pamwamba pake chili chonyowa, pamatsala banga lakuda lovuta kuchotsa. Ena amapezerapo mwayi pa khalidwe limeneli: amaviika waya wotsukira mapoto mu viniga kwa masiku angapo, ndipo madzi akewo amadetsa chikopa cha makungwa kukhala chakuda bii popanda utoto.

Mpeni ukamakhota

Mzere wokhota kawirikawiri umabwera chifukwa cha mpeni wobuntha. Mpeni wotere umakoka chikopa m'malo mochidula, ndipo ndi womwewo umene umaterereka n'kucheka chala chifukwa munthu amakanikiza ndi mphamvu. Nolani mpeni kapena sinthani lezala pafupipafupi. Dulirani pa thabwa kapena pa pulasitiki yokhuthala, osati pa simenti. Gwiritsani rula yachitsulo, zala zikhale kumbuyo kwa mpeni, ndipo dutsani kawiri kapena katatu mopepuka m'malo mofuna kumaliza kamodzi.

Yambani mwajambula chinthucho pa katoni n'kuyesa ngati ndalama, chiphaso kapena buku likulowa bwino. Katoni mukalakwitsa mumangotola ina, koma chikopa chikadulidwa chadulidwa. Ngati mwapeza chikopa chathunthu cha ng'ombe, lamba mudule motsata msana. Cha kumimba n'chofewa ndipo chimatamuka, moti lamba wake amatalika n'kupindika pakangopita miyezi yochepa.

Guluu akakana kugwira

Apa ndi pamene ambiri tinalephera. Guluu wa osoka nsapato, uja wachikasu wonanda, samatidwa ali wonyowa. Palani malowo ndi sanipepa kuti kuwala kuchoke, pukutani fumbi, pakani mopyapyala mbali zonse ziwiri, ndipo dikirani mphindi 10 kapena 15 mpaka asiye kumatirira ku chala. Mukatero lumikizani mosamala, chifukwa zikakhudzana sizisunthanso, kenako menyani ndi hamala mutayalapo kansalu. N'chimodzimodzi pomata nkhwayira pa tayala lakale, kungoti tayalalo liyenera kutsukidwa ndi kupalidwa kwambiri.

Guluu ameneyu fungo lake limapweteka mutu ndi mapapo, komanso amayaka msanga. Gwirirani ntchito pakhonde, kutali ndi mbaula kapena kandulo, ndipo chitini chikhale pomwe ana sangafikire. Supaguluu musamuike pamalo opindika, chifukwa amauma ngati galasi n'kuthyola chikopa. Kumbukiraninso kuti ntchito ya guluu ndi kugwiriziza kuti musoke bwino. Mphamvu ya chikwama ili mu ulusi.

Msoko wosamasuka

Osoka nsapato ambiri amagwiritsa singano ya ngowe, ena amachita kusula okha kuchokera ku sipoko ya njinga. Imathandiza pofika m'kati mwa nsapato, koma ulusi wake ukaduka malo amodzi msoko umayamba kumasuka. Pa zikwama ndi zikuto, msoko wolimba ndi wa singano ziwiri pa ulusi umodzi. Singano iliyonse imalowa m'bowo lomwelo, ina kuchokera kumanja ina kumanzere, moti ulusi wina ukaduka unzake umagwirabe.

Jambulani mzere mamilimita 3 kapena 4 kuchokera m'mphepete. Mukayandikira kwambiri chikopa chimang'ambika. Ngati mulibe chitsulo chopimira mabowo, foloko yakale ya kukhitchini imasiya madontho otalikirana mofanana, kenako mumaboola ndi kachitsulo kosongoka. Ulusi utalike kanayi kuposa malo osokedwawo, ndipo pa chikopa chokhuthala onjezerani. Msoko ukamaoneka wokhotakhota ngakhale mabowo ali pamzere, ndiye kuti mukusinthasintha singano yoyamba. Ngati mwayamba ndi ya kumanja, bowo lililonse yambani ndi ya kumanja. Chikopa chikamachita makwinya, mukukoka mopyoza. Pomaliza bwererani m'mbuyo mabowo awiri kapena atatu, dulani, ndipo ngati ulusi ndi wa nayiloni wotchani nsonga yake pang'ono.

Ulusi ukamapotana kapena kunyenyeka, upakeni phula la njuchi. Ife tinavutika masiku angapo tisanamve za phulali kwa bambo uja, ndipo tinakumbukira kuti safunsa anadya phula.

M'mphepete ndi mabowo a lamba

Chinthu chosokedwa bwino chimanyozeka ngati m'mphepete mwake muli manyanyasi. Pa chikopa cha makungwa, salazani ndi sanipepa, nyowetsani pang'ono, khuthizani mwamphamvu ndi kansalu ka jinzi mpaka muwale, kenako pakani phula. Cha chromium sichiwala mwanjira imeneyi. Chimafuna kuchipala kuseri kuti chipyapyale, n'kuchipinda ngati mpendero wa nsalu.

Mabowo a lamba musaboole ndi msomali wamoto. Moto umapsereza chikopa, ndipo bowolo limayamba kung'ambika pomwepo. Gulani panchi m'mashopu a zitsulo ku Old Town, boolani mabowo 5 otalikirana masentimita awiri ndi theka, ndipo la pakati likhale pa muyezo wa chiuno cha mwini lamba.

Chuku cha dzinja ndi dzuwa la Okutobala

Nyengo ya mvula, kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, nyumba zambiri za ku Mgona, Biwi ndi madera ena zimachita chinyontho, ndipo chikopa chimamera chuku. Chitulutseni panja, chipukuteni ndi kansalu kouma, kenako ndi kansalu koviika mu viniga wosakaniza ndi madzi mulingo wofanana. Yesani kaye pamalo obisika kuti muone ngati mtundu sukuchoka. Chiumitseni pamthunzi podutsa mphepo. Chikopa chonyowa mukachiika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula chimakhwinyata n'kuuma gwa, ndipo sichibwereranso. Osachisunga m'jumbo kapena pansi pa simenti. Chikulungeni m'nsalu n'kuchiika pamwamba.

Nyengo yotentha vuto limakhala kuuma ndi kusweka. Pakani polishi wopanda mtundu pang'onopang'ono. Mafuta ophikira ayi, chifukwa amavunda n'kununkha, komanso amaitana makoswe ndi mphemvu.

Nanga chikopa cha mbuzi ya paukwati?

Anzathu ena amafunsa ngati angasoke chikopa cha mbuzi yophedwa pakhomo. Chikopa chongoyanika n'chabwino kukungira ng'oma kapena kulukira mpando, koma sichinafufutidwe. Chikanyowa chimafewa n'kuyamba kununkha. Ngati mukufuna kuchisunga kuti chidzafufutidwe, palani nyama ndi mafuta onse tsiku lomwelo, thirani mchere wambiri ku mbali ya nyama, ndipo chiumire pamthunzi. Chiweto chofa chokha musachisende n'komwe. Matenda a anthrax, amene anapha mvuu ku Liwonde mu 2018, amagwiranso ng'ombe ndi mbuzi, ndipo munthu angawatenge pogwira chikopa cha nyama yodwala.

Anzathu amene mukufuna kuyamba, musathamangire chikwama chachikulu. Yambani ndi chomangira makiyi, kenako kachikwama ka makhadi. Sungani tizidutswa tonse, chifukwa ndi pamene mudzayesere guluu, utoto ndi msoko musanakhudze chinthu cha kasitomala. Ndipo pitani mukakhale pansi ndi osoka nsapato a m'dera lanu, muwapatse ulemu ndi kenakake ka nthawi yawo. Chikuto chachiwiri chimene tinasoka, cha jekete ya pakaunjika yomwe tinayamba taiyesa kaye, mwini wake akuyenda nachobe mpaka lero.