Mmene Gulu la SPLA Linagaŵanikira

Gulu la zigaŵenga likamabadwa limakhala ndi mdani mmodzi. Koma likakula, mdani woopsa amatulukira m'kati mwake momwe. Mbiri ya gulu la SPLA la kum'mwera kwa Sudan ikutiphunzitsa zimenezi.

Mu May 1983 asilikali a m'tauni ya Bor anagalukira boma la Pulezidenti Nimeiri. Boma linatuma mtsamunda John Garang kuti akaŵakhazike mtima pansi, koma iye anagwirizana nawo, nathaŵira nawo ku Ethiopia, kumene anakhazikitsa SPLA. Mtsogoleri wa Ethiopia, Mengistu, anaŵapatsa zida, misasa yophunzirirako nkhondo ndiponso wailesi.

Chikhalirecho mbewu ya mpatuko inafesedwa pachiyambi pomwe. Garang ankafuna Sudan mmodzi wolamulidwa mwachilungamo, pamene ambiri mwa omtsatira ankafuna dziko laolao. M'gulumo munalibe bwalo lokambiranamo nkhani yotere. Wotsutsa ankaponyedwa m'ndende, monga anachitira Kerubino Kuanyin Bol mu 1987, ngakhale kuti ndiye anatsogolera chipanduko cha ku Bor.

Malingana Mengistu anali pampando, Garang anali wosagwedezeka, pakuti zida zonse zinkadzera m'manja mwake. Mengistu atagwa mu May 1991, zobisika zinabwera poyera. Mu August chaka chomwecho Riek Machar ndi Lam Akol analengeza ku Nasir kuti amuchotsa Garang, pomunena kuti ngwankhanza.

Mkangano wa atsogoleri unasanduka wa mitundu, popeza Garang anali wa mtundu wa Dinka pamene Machar ngwa mtundu wa Nuer. Mu November 1991 ankhondo a Machar anapha anthu wamba pafupifupi 2,000 ku Bor, nalanda ng'ombe zawo. Amene anapindula ndi boma la Khartoum: mu 1997 Machar, yemwe ankafuna kudzilamulira, anasainirana nalo pangano.

Aŵiriŵa anayanjananso mu 2002. Mtendere unadza mu 2005, chaka chimene Garang anafa pangozi ya helikopita, ndipo South Sudan inakhala dziko pa 9 July 2011. Koma chilonda chinangophimbidwa, sichinapole. Mu December 2013 nkhondo inabukanso ku Juba pakati pa Pulezidenti Salva Kiir ndi Machar yemweyo.

Gulu limene silinaphunzire kuthetsa milandu pakamwa likali m'tchire, limakaloŵa m'boma ndi khalidwe lomwelo, ndipo olira maliro amakhala anthu a kumudzi.